Njinga yobwereka ndi imene imathamangitsa akazi ku polo

Kalabu iliyonse ya polo ya panjinga imene ndafikako imasunga njinga imodzi kapena ziwiri zobwereketsa alendo. Ndi chizolowezi chabwino, poti palibe amene angagule njinga ya masewera amene sanawalaweko. Vuto ndi lakuti njinga zimenezi kawirikawiri zimakhala zotsala za abambo ena ataliatali amene anagula zatsopano. Ndiye kubwere mtsikana wa msinkhu wangawu, wosafika masentimita 160. Amutsitsira chishalo mpaka chigunde felemu, amupatsa ndodo kudzanja lamanja, n'kumuuza kuti alowe, aphunzirira momwemo. Mahandulo ali kutali moti akuchita kuwagonera. Zala zikungokhudza nsonga ya buleki. Akati akhote, nsapato ikugunda tayala lakutsogolo. Pomafika nthawi yoweruka wagwa kangapo, mpira sanaukhudze n'komwe, ndipo akupita kwawo akudziuza kuti masewerawa si ake. Sabata yotsatira sabwera, otsalawo n'kumapukusa mitu kuti akazi sachedwa kugwa ulesi.

Ine ndimakana. Mtsikana ameneyu wagonja ndi njinga, osati ndi masewera. Mwamuna wamtali yemwe uja mutamukweza panjinga yomukulira chimodzimodzi, nayenso angaoneke ngati sanapalasepo chibadwire.

Ndimakhala ku London, ndipo masewerawa ndinawadziwira konkuno. Ambiri mwa inu mwina simunawaonepo, choncho ndiyambe ndafotokoza mmene amayendera, chifukwa kanthu kalikonse ka panjinga ya polo kamachokera m'malamulo ake. Polo ya panjinga ndi yakale ndithu. Anayiyambitsa Richard J. Mecredy ku Ireland mu 1891, ankasewera paudzu, ndipo mu 1908 anayionetsako pa masewera a Olympics ku London. Koma imene timasewera ifeyi ndi ina, ya pabwalo lolimba la simenti kapena tara. Inayambira ku Seattle, ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kulowa m'ma 2000, pakati pa achinyamata amene ntchito yawo inali yoperekera makalata ndi timaphukusi panjinga m'tauni. Ndodo ankapanga okha, kutenga ndodo zotha ntchito za ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa, n'kumangirira kumapeto chidutswa cha paipi ya pulasitiki yolimba. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Philadelphia mu 2009.

Timu imakhala ya anthu atatu m'bwalo. Bwalolo ndi la mamita pafupifupi 40 mulitali ndi 20 mulifupi, lotchingidwa ndi matabwa kuzungulira, ndipo mpira wake ndi waung'ono wolimba uja wa hockey ya pamsewu. Poyamba amaika mpira pakati, matimu n'kuthamangirana kuchokera kumagolo awo. Chigoli chimawerengedwa ngati mwamenya ndi nsonga ya mutu wa ndodo, osati kukankha ndi mbali yake. Lamulo lalikulu koposa ndi la phazi: likagunda pansi mwatuluka m'masewera kufikira mutakagogoda ndodo pathabwa la pakati pa bwalo, ndipo nthawi imeneyo anzanu atsala awiri polimbana ndi atatu.

Ndiye onani chimene njinga ikufunsidwa. Muziyiwongolera ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi ndodo. Muziima osatsitsa phazi. Muzikhota pamalo ochepa ngati pakhonde, kunyamuka mwadzidzidzi, kuima mwadzidzidzi, phewa la mnzanu litakutsamirani. Njinga yokukulirani pang'ono mutha kuyenda nayo ulendo wa tsiku lonse pamsewu osadandaula kwenikweni. M'bwalo la polo imakuyalutsani mphindi yoyamba yomwe.

Masewerawa sasiyanitsa amuna ndi akazi, onse amalowa bwalo limodzi, timu imodzi. Izi ndimazikonda, koma sizinachititse kuti akazi achuluke. N'chifukwa chake akazi a ku Vancouver, ku Canada, anayambitsa mpikisano wawo wa Ladies Army mu 2009, umene pambuyo pake unkasinthasintha mizinda ya ku North America. London inakhala ndi mpikisano wake wa akazi wa Hell's Belles, Berlin inakhala ndi Mallet Dolorosa. Pali amuna amene amafunsa kuti mipikisano yapadera ndi yachiyani pamasewera a onse. Yankho langa limodzi ndi lakuti akaime pafupi ndi mpanda pamene osewera atsamiritsa njinga zawo. Kumeneko n'kumene munthu wamfupi amaonera njinga zambiri zofanana ndi thupi lake, amakwerako ya mnzake, amagwirako buleki ya wina, n'kuzindikira kuti zimene ankaziyesa kulephera kwake zimakonzeka ndi sipanala.

Musapite kusitolo kukafunsa “njinga ya akazi”. Akupatsani ya mtanda wotsika, yamtundu wofiirira, ya chishalo chofutukuka, kapenanso ya dengu kutsogolo. Mtanda wotsika uja anaupangira siketi ndi kukwera mosavuta, ndipo pamsewu ulibe cholakwa. Koma felemu yotero imagwedera mukaigwira buleki mwamphamvu kapena wina akakugundani cham'mbali, komanso imakhala yaitali ndi yolemera. Chimene mukufuna si njinga ya akazi. Ndi njinga ya inuyo, ya miyendo yanu, mikono yanu, zala zanu. Pali akazi aatali amene njinga ya mwamuna wina aliyense imawakwana bwinobwino, ndipo pali amuna aafupi amene zonse ndikulembazi zikuwakhudza. Kungoti tikawerenga aafupi ndi a manja ang'onoang'ono, ambiri ndife akazi.

Poyambira ndi magudumu, chifukwa ndiwo amalamula felemu. Polo imaseweredwa ndi masaizi awiri: 700c, ya njinga za pamsewu, ndi 26, kutanthauza mainchesi 26, ya njinga zakale za mountain, zija zoyendera m'mapiri ndi m'njira zoipa. Limu ya 700c ndi mamilimita 622 kuchokera mbali ina kufika ina, ya 26 ndi 559. Kusiyana kwake ndi mamilimita 63, kutanthauza kuti tayala la 26 limatalikira chala chanu chaphazi ndi masentimita atatu. Zikumveka zochepa, koma nkhani yonse yagona pamenepo. Wopanga felemu yaing'ono akakakamira magudumu a 700c amakhala ndi njira ziwiri zokha. Akafupikitsa mtanda kuti mufikire mahandulo, gudumu lakutsogolo limayandikira mapedulo ndipo phazi limagunda tayala pokhota. Akafuna kupewa zimenezo amapendeketsa foloko kuti gudumu lipite patsogolo, njinga n'kukhala yaulesi pokhota. Pamsewu kugunda tayala kuja sikuvuta kwambiri, poti munthu wothamanga sapinda mahandulo kwambiri, amangopendekeka. Koma polo imaseweredwa pa liwiro lochepa, mahandulo atapindidwa mpaka kumapeto, ndipo phazi likakodwa patayala ndiye kuti latsika pansi basi.

Vutoli si lachilendo. Georgena Terry, injiniya wa ku America amene anayamba kupanga njinga za akazi chapakati pa zaka za m'ma 1980, ankaika gudumu la 24 kutsogolo kwa njinga zake zing'onozing'ono, kumbuyo n'kusiya lalikulu, pofuna kuthana ndi chinthu chomwechi. Anthu ankaziseka kaonekedwe, koma masamu ake anali olondola. Ine maganizo anga ndi akuti aliyense wosapitirira masentimita 165 ayambe ndi 26, ndipo asamvere zoti 700c imathamanga. Imathamangadi, koma m'bwalo la mamita 40 mukuthamangira kuti? Gudumu laling'ono limanyamuka msanga, limalimba, ndipo limatsitsa njinga yonse kuti ndodo ifike pansi mosavutikira.

Felemu yotsika mtengo yoyambira ndi ya mountain yachitsulo ya m'ma 1990, ya foloko yopanda masipuling'i. Kuno zimapezeka zambiri zogwiritsidwa kale ntchito, zina anthu amangotaya. Chitsulo chikapindika chimawongoleka, ndipo simudandaula penti ikakalika, zimene zimachitika tsiku loyamba lomwe. Muyang'ane mipata imene gudumu lakumbuyo limalowamo. Ikakhala yopingasa, yolola gudumu kusunthira kumbuyo, tcheni mudzachikoka mosavuta. Ikakhala yoimirira mudzafunika kachipangizo kokokera tcheni, komwe ndi chinthu chinanso choti mpira uthyole. Choipa cha mafelemu amenewa n'chakuti ndi aatali, magudumu amatalikirana kupitirira mita, pamene pa felemu yopangidwira polo safika mita. Mudzamva kusiyanako mukadzakwera ya mnzanu. Koma chaka choyamba felemu yakale yokukwanani imaposa yodula yokukulirani. Ngati muli pakati pa masaizi awiri, tengani yaing'onoyo.

Magiya onse achoke. Patsale giya imodzi kutsogolo, imodzi kumbuyo, ndipo ikhale yopepuka moti pamsewu anthu azikusekani. Osewera ambiri amakhala pakati pa 1.5 ndi 1.8, kutanthauza kuti mukazunguza mapedulo kamodzi gudumu lazungulira kamodzi ndi theka kapena kupitirirako pang'ono. Mano 35 kutsogolo ndi 22 kumbuyo amapereka 1.59, mano 32 ndi 20 amapereka 1.6. Njinga ya kabaza ija ya mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo ili pa 2.4, ndipo mukudziwa mmene mwini wake amachitira kuimirira pamapedulo kuti anyamuke. Pa polo simungadikire zimenezo, mpira wapita kale. Tayala la 26 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita awiri, choncho pa 1.6 kupalasa kamodzi ndi mamita 3.2, ndipo bwalo lonse mwalimaliza mutapalasa ka 12 kapena 13.

Pano pali msampha. Mnzanu wa 700c akakuuzani mano a njinga yake, inu n'kukopera pa 26, giya yanu ikhala yopepukirapo kuposa yake, poti gudumu lanu ndi laling'ono. Si zoipa, koma muzidziwa kuti mano ofanana sakutanthauza giya yofanana. Ndipo ndimadana ndi malangizo akuti mkazi aike giya yopepuka chifukwa ndi mkazi. Ndikudziwa akazi amene amakankha 1.8 osatuluka thukuta. Yambani pa 1.6. Mukaona kuti miyendo ikuzungulira mwamisala musanafike pakati pa bwalo, chotsani dzino limodzi kumbuyo.

Kale anthu ambiri ankasewera ndi giya yokhoma, ija yoti gudumu likamazungulira mapedulo nawonso sasiya. Lero pafupifupi aliyense ali pa fuliwilo, ija yolola kusiya kupalasa gudumu likuzungulirabe, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mumafuna kusiya mapedulo atalingana pokhota kuti asakhule pansi, kuwabweza m'mbuyo kuti phazi lamphamvu likhale pamwamba musananyamuke, komanso kumenya mpira miyendo ili phee.

Tsopano buleki, ndipo apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene akazi ambiri amalakwiridwa popanda wodziwa.

Ndodo ikakhala kudzanja lamanja, buleki yonse ili kudzanja lamanzere. Amanzere amaloledwa m'masewerawa, iwo angotembenuza zonsezi. Buleki yofunika ndi yakutsogolo, poti munthu akamaima kulemera kwake kumathamangira kutsogolo ndipo tayala lakumbuyo limangoseseleka. Tsono ku Britain, monga m'maiko ambiri oyenda kumanzere kwa msewu, njinga imabwera buleki yakutsogolo ili kudzanja lamanja, dzanja lomwe lagwira ndodolo. Ndiye ntchito yoyamba ndi kusinthanitsa mawaya. Kale ambiri ankagwiritsa ntchito chogwirira chimodzi chokoka mabuleki onse awiri nthawi imodzi. Chimagwira ntchito, koma chimalimba kukoka chifukwa mukulimbana ndi masipuling'i awiri, ndipo kwa dzanja laling'ono chimatopetsa masewera asanathe. Masiku ano ambiri amasewera ndi yakutsogolo yokha, ya disiki, ija yofinya kachimbale kachitsulo ka pakati pa gudumu.

Taganizirani zimene dzanja lamanzere likuchita. Likuwongolera njinga lokha, likunyamula thupi mukaweramira mpira, ndipo nthawi yomweyo likufinya buleki. Ngati chogwirira buleki chili kutali moti mukuchita kutambasula zala zitatu kuti muchifikire, ndiye kuti mahandulo mwawagwira ndi chala chachikulu ndi kachala kakang'ono basi. Wina akangokukhudzani phewa, dzanja lapulumuka. Munthu wotere amayamba kuopa kuthamanga, poti thupi lake likudziwa kuti sangaime, ndipo oonera amati ndi wamantha.

Mankhwala ake satenga mphindi zisanu. Zogwirira buleki zambiri zili ndi kabawuti kakang'ono pafupi ndi pokhotera pake. Mukakamanga, chogwiriracho chimayandikira mahandulo. Chiyandikitseni mpaka mfundo yoyamba ya chala cholozera ichikole bwinobwino dzanja lili m'malo mwake, kenako mukonzenso waya kuti buleki igwire chogwirira chisanaphwanye zala zotsalazo. Chinanso, masulani chogwirira chonsecho muchisunthire mkati, chakutali ndi nsonga ya mahandulo, kuti chala cholozera chigwire kumapeto kwenikweni kwake, kumene mphamvu yochepa imakoka kwambiri. Cholinga ndi chala chimodzi pabuleki, zinayi pamahandulo. Makaniko ambiri sakagwira kabawuti kaja pokhapokha mutawauza, chifukwa manja awo amafikira kale.

Chenjerani pogula. Zogwirira za waya zili mitundu iwiri, zokoka waya wautali ndi zokoka waufupi. Pa mabuleki ofinya limu, otchedwa a V amafuna zokoka wautali, akale a cantilever ndi a njinga za pamsewu amafuna zokoka waufupi, ndipo a disiki a waya amapangidwa m'mitundu yonse iwiri. Mukasakaniza, buleki imakhala yolimba koma yosagwira, kapena yofewa yofika mpaka pamahandulo. Ya disiki ya mafuta ndiyo yopepuka koposa pachala, kungoti paipi yake ikakodwa ndi ndodo ya mnzanu n'kudontha, tsiku lanu lathera pomwepo, pamene waya mumasintha muli chiimire pambali pa bwalo. Disiki ya mamilimita 160 ndi yokwana. Iyenera kukhala ndi chotchinga, poti mpira umodzi wamphamvu umaipinda, komanso m'mphepete mwake mumacheka mwendo wa munthu mukagwerana.

Pali nkhani ya lamulo imene anzanga ena amaiiwala dala. Malamulo a ku Britain a 1983 amafuna kuti njinga ya fuliwilo yoyenda pamsewu ikhale ndi mabuleki awiri. Ya buleki imodzi ndi ya m'bwalo mokha. Ine ndimapalasa popita kumasewera, choncho yakumbuyo ndinaisiya kudzanja lamanja. M'bwalo sindiigwira, koma pakati pa mabasi a London ndimaifuna.

Mukayamba kuizolowera buleki yakutsogolo mudzaona tayala lakumbuyo likudzuka. Musachite nalo mantha. Odziwa amalidzutsa dala, n'kukankha chiuno kuti kumbuyo kwa njinga kuzungulire, atembenuka pamalo amodzi. Koma luso limeneli silibwera kwa munthu amene akuchita kusakasaka buleki ndi nsonga za zala.

Mahandulo akhale owongoka kapena okwera pang'ono. Panali nthawi imene aliyense ankawadula kukhala afupiafupi kuti adutse pakati pa anthu ndi kuti ndodo isagunde. Kenako mphepo inasintha, ambiri anabwerera ku otambalala, amene amalamulika bwino ndi dzanja limodzi. Ine ndimati yambirani pa kutambalala kwa mapewa anu kuonjezerapo pang'ono, muzidula sentimita imodzi imodzi ndi sowo, poti chodulidwa sichimeranso. Mabowo a kumapeto atsekedwe, limeneli ndi lamulo, ndipo amene anaonapo chilonda cha paipi yosatseka pantchafu safunsa chifukwa chake. Khosi logwira mahandulo likhale lalifupi, la masentimita 5 mpaka 7, kuti mukhale chowongoka ndi kuona bwalo. Zogwirira zamphira zikhale zopyapyala. Zonenepa zija zimaoneka zofewa, koma zimakulitsa chinthu chimene dzanja laling'ono likuvutika kale kuchizungulira, ndipo pamwamba pake mudzavalanso golovesi.

Za chishalo anthu amachita nazo manyazi, n'chifukwa chake ambiri amapirira zosafunika kupirira. Munthu amayenera kukhalira mafupa awiri a m'matako, osati minofu yofewa ya kutsogolo. Mwa akazi ambiri mafupa amenewa amatalikirana kuposa mwa amuna, ndiye chishalo chopyapyala cha njinga yobwereka chimalowa pakati pa mafupawo n'kufinya pamene sipayenera kufinyidwa. Kuyeza n'kosavuta. Ikani katoni yokhuthala pa sitepe, khalanipo mutaweramira kutsogolo pang'ono, dzukani, yezani pakati pa timaenje tiwiri tatsalapo, onjezerani masentimita awiri. Zishalo zimagulitsidwa m'masaizi ngati 143, 155 ndi 168 mamilimita. Koma musathamangire chofutukuka chija cha masipuling'i. Pa polo simukhala malo amodzi, mumatsetserekera kumbali kuti mufikire mpira, mumabwerera kumbuyo pogwira buleki, ndipo chishalo chachikulu chimakutsekerani njira ndi kukupalani ntchafu. Chofunika ndi cholimbirapo, chokwana mafupa anu, chokhala ndi mpata pakati ngati thupi lanu likufuna choncho. Chikhale chopingasa, kapena mphuno yake itsike pang'ono kwambiri. Ikatsika mopitirira mudzatsetserekera kutsogolo, kulemera konse n'kugwera dzanja lamanzere lija latopa kale.

Pa kutalika kwa chishalo sitigwirizana. Ena amachitsitsa kwambiri kuti afikire mpira ndi kudumpha mosavuta. Ine ndimangotsitsa sentimita imodzi kapena ziwiri poyerekeza ndi njinga yanga ya pamsewu, chifukwa chotsikitsitsa chimadya mawondo. Chimene ndimakana kotheratu ndi kuchitsitsa kuti phazi lizifika pansi. M'masewera amene phazi sililoledwa pansi, kumeneko ndi kudziphunzitsa kulakwa.

Mikono ya mapedulo ya mamilimita 175 imene imabwera ndi njinga zambiri za mountain ichoke, muike ya 165 kapena 160. Phazi litalikiranso tayala ndi sentimita ina, pedulo sikhula pansi pokhota, ndipo miyendo yaifupi imazungulira bwino. Yambani ndi mapedulo wamba otambalala. Okola nsapato aja, monga a SPD, mudzawafuna mukadzayamba kudumphitsa njinga, koma mlendo amene akuphunzira kuima ndi dzanja limodzi asaonjezerepo mantha a phazi lokanirira.

Magudumu akhale a masipoko 36, kapena 48 ngati mwawapeza. Masipoko ochepa amalola mpira kudutsa kapena kukodwa, ndipo wapagolo amatchinga golo ndi magudumu ake omwewo, ataima chopingasa n'kutsamira ndodo. Ambiri amaphimba gudumu ndi chimbale cha pulasitiki yopepuka ija ya zikwangwani, kudula mozungulira n'kumangirira kumasipoko. Chisankho chikatha zikwangwani za andale zimapeza ntchito yabwino kuposa imene zinkagwira. Koma kwa munthu wopepuka chimbale cha kutsogolo chimagwira mphepo, ndipo tsiku la mphepo chimakukankhirani kumbali. Ngati masipoko ndi 48, mutha kuchisiya.

Mpweya wa m'matayala nawonso umatsata kulemera kwa wokwera. Munthu wa makilogalamu 55 akapopa ngati wa makilogalamu 90, tayala limangodumphadumpha pasimenti ndi kuterereka pokhota. Phwetsani pang'onopang'ono mpaka mumve likumata pansi koma limu isakugunda. Matayala akhale osalala, osati a mano a m'matope.

Ndodo idulidwe molingana ndi inu mutakhala panjinga yanu, mutu wake ugone pansi mkono uli wopindika pang'ono. Yaitali kwambiri imalemera kumapeto ndi kupweteka pamfundo ya dzanja. Helemeti ndi lamulo, ndipo ine ndimaonjezerapo chitsulo chotchinga nkhope, poti ndodo ya munthu wamtali ikakwera imafika ndendende pamene pali mano a munthu wamfupi. Magolovesi a hockey kapena a lacrosse, masewera ena a ndodo ndi mpira, amateteza zala, koma a akulu amakula moti buleki simuimva. Funsani a ana okulirapo, amakwana ndipo ndi otchipa.

Kalabu imene ikufunadi akazi isayambe ndi zikwangwani zoitanira. Isonkhe ndalama ikonze njinga imodzi yaing'ono ya 26, buleki yoyandikitsidwa, chishalo chotambalalirapo chokhala ndi chomasulira chapamanja, ndodo ziwiri zazifupi, ndipo pakhale munthu woyenda ndi masipanala amene ntchito yake ndi kuyang'ana dzanja lamanzere la mlendo asanalowe m'bwalo. Mtengo wake sufika wa felemu imodzi yatsopano yopangidwira polo.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi kupezeka kwa zipangizo. M'zaka za m'ma 2010 makampani a njinga za mountain anasamukira ku magudumu a 29 ndi 27.5, ndipo 26 anaisiyira njinga zotchipa ndi za ana. Matayala a 26 akadalipo, koma abwino osalala akucheperachepera m'masitolo a kuno, ndipo limu yolimba ya 26 ya mabowo 48 mumachita kuisaka. Foloko yopanda masipuling'i ya 26 yokhala ndi pomangira disiki nayonso si yongotola. Ndiye saizi yomwe imakwana ife aafupi ndi imene msika ukuitaya. Ena ayamba kuyesa 27.5, ya mamilimita 584, imene ili pakatikati, koma imakubwezerani sentimita ndi kanthu pa masentimita atatu aja munapindula. Kwa wofupikitsitsa, wosafika masentimita 150, ndingayang'ane ku 24, imene matayala ake sasowa chifukwa cha njinga za ana ndi za BMX zazikulu. Pakadali pano ine ndikaona limu yabwino ya 26 pamsika wa zakale ndimagula, ngakhale ndisakuifuna mwezi umenewo, ndipo pansi pa bedi langa pali kale zodikira.